Nyenyezi Amazidziwa, Koma Ine Ayi

"Mwafufuta mlalang'amba wanga!"

Inki anadzutsa mutu pamakina odulira mapepala. Dzinali anamupatsa ndi anzake a pashopu yosindikiza mabuku ndi makadi, chifukwa zala zake sizinkayera ngakhale azikweche ndi sopo wamtundu wanji. Pakauntala panaima mnyamata wamtali, choko chili mbuu pamkono wa shati, atanyamula khadi lakuda bii.

"Ndafufuta chiyani, bambo?"

"Mlalang'amba. Unali apa, pakona. Kadontho kotuwa."

"Kaja? Ine ndimayesa litsiro la pakamera. Ndinakuchotserani kuti chithunzi chioneke bwino."

Mnyamatayo anagwira kumutu. "Litsiro! Mayi, mmene muja muli nyenyezi mabiliyoni."

"Ndiye zikanaoneka ngati nyenyezi! Ine ndikanalota?"

Mnyamatayo anali mphunzitsi wa sayansi pasekondale ina, ndipo anali atapanga masewera a makadi makumi asanu ndi limodzi. Khadi lililonse linali ndi chithunzi cha chinthu chakutali kwambiri m'mlengalenga, chojambulidwa ndi telesikopu. Wosewera ankaonetsedwa khadi, ndipo asanawerenge kufika pa faifi ankayenera kunena ngati ndi mlalang'amba, mtambo wa mpweya ndi fumbi, kapena gulu la nyenyezi. Akatchula ndi dzina lake lomwe, khadilo linali lake.

Kwa Inki zonsezo zinali chimbuuzi chokhachokha. Ananena zimenezo mokweza, anzake anaseka, ndipo kuyambira tsikulo mphunzitsi uja pashopupo anali a Chimbuuzi.

A Chimbuuzi anabweza makadiwo katatu. Koyamba chifukwa cha kadontho kaja. Kachiwiri ati kuda kwake sikunade mokwanira. Kachitatu ati mpeni wa makina unadya nyenyezi ziwiri za m'mphepete. Atalowa kachinayi, Inki anavula epuloni n'kuiponya pampando.

"Bwerani kuno mudzasindikize nokha! Mwanditopetsa!"

"Lero sindinabwere kudzadandaula," anatero modekha. "Ndimati musewereko kamodzi. Mukazidziwa simudzazifufutanso."

Anayala makadi pakauntala. "Chikaoneka ngati shuga wotayikira patebulo, ndi gulu la nyenyezi. Chikaoneka ngati utsi, ndi mtambo. Chikaoneka ngati madzi akamazungulira potuluka m'sinki, ndi mlalang'amba. Ichi n'chiyani?"

"Utsi."

"Mwakhoza! Mtambo umenewu amautcha Nkhanu."

Inki anatembenuza khadilo uku ndi uku. "Nkhanu yake iti? Amene anautcha dzinalo anayamba waionapo nkhanu?"

Mphunzitsiyo anaseka mpaka kugwira kauntala. Kuseka kwake kunali ngati kwa mwana, kosadziletsa. Inki anafuna kupitiriza kukwiya, koma mkwiyo unamuthawa. Pochoka pamenepo, a Chimbuuzi anali ndi nambala ya foni yake, ati yofunsira za makadi.

Za makadi zake ziti!

"Wadzuka bwanji, kuwala kwanga?" unatero uthenga wa m'mawa wina, patatha milungu itatu.

"Ndadzuka. Makina a inki yofiira ndi amene sanadzuke."

"Kuwala kwa pakhadi nambala 12 kunayenda zaka zoposa mamiliyoni awiri kuti kufike kuno. Ine ndingayende zoposa pamenepo kuti ndikuone."

"Mabasi alipo. Ingokwera ubwere."

Ankabweradi. Akaweruka kusukulu ankakhala pabenchi ya makasitomala, panja pa shopu, n'kumachonga makope mpaka Inki atatseka makina. Ankamutcha mtima wanga, kanyenyezi kanga, zala za golide. Ankagwira zala zakudazo n'kuzipsompsona chimodzichimodzi, pomwe anyamata ena onse ankaziseka.

Koma analinso munthu wotopetsa, abale! Tsiku lina akumwa tiyi pakantini ya pafupi, anapisa m'thumba pang'onopang'ono, nkhope ili yosaseka.

"Ndili ndi chinthu choti ndikuonetse. Mphete."

Mtima wa Inki unagunda ngati ufuna kutuluka. Lero lomwe? Pakantini? Anapukuta manja pasiketi mwachinsinsi.

Chimbuuzi anatulutsa khadi. "Mtambo uwu amautcha Mphete. Taona, pakati pake payenera kukhala pobiriwira, koma makina anu..."

Inki anaimirira n'kusiya tiyi ali wotentha. Mnyamatayo anamutsatira mpaka pasiteji ya basi akufunsa chimene walakwa, ndipo sanachidziwe mpaka mawa lake.

Panalinso kachizolowezi kena. Nthawi zonse akagwirizana zokumana kwina osati pashopu, uthenga unkabwera: "Uvala chiyani lero, wokongola wanga?" Inki ankaona ngati ndi chikondi. Chimbuuzi ankakonda kwambiri jekete yake yachikasu, moti Inki ankaivala ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

"Nditasowa pakati pa anthu chikwi, ungandipeze?" anamufunsa tsiku lina, atatsamira paphewa pake.

Chimbuuzi anayang'ana kumbali. Kenaka anati, "Ndingakupeze. Ndikulonjeza, ngakhale pakati pa anthu miliyoni."

Tsiku la chionetsero cha sayansi linafika. Sukulu zisanu ndi zitatu zinakumana m'holo ya sukulu ya Chimbuuzi, ndipo masewera ake anali oti aonetsedwe kwa makolo ndi akuluakulu a maphunziro. Inki anaganiza zomudabwitsa. Anamasula malukidwe amene anakhala nawo chiyambire kudziwana, anawongoletsa tsitsi kusaluni, anaviika zala m'madzi a ndimu mpaka inki yonse inachoka, anagula diresi yobiriwira. Uthenga wa "Uvala chiyani lero?" sanauyankhe dala.

Anatenganso asisi ake, namwino wolankhula mosapsatira, amene anamulera makolo awo atapita kukagwira ntchito kutali. Asisiwo anali asanamuonepo mnyamatayu.

"Tikamuone munthu wako wa nyenyeziyo," anatero pachipata. "Koma kunja kuno kukuzizira. Jekete yachikasu wangoinyamulayo tandibwereka."

M'holo munali phokoso. Tebulo la Chimbuuzi linali litazunguliridwa ndi ana asukulu, akukuwa molimbirana. "Mlalang'amba! Chipewa!" "Gulu la nyenyezi! Nsangwe!" Aphunzitsi aakulu anaima pambali pake akugwedeza mutu mokhutira. Inki anamva kunyada. Makadi amenewo anawadula ndi manja ake!

Asisi atatsalira pang'ono kuyankha foni, Inki anadzipanikiza mpaka kutsogolo. Anaima patsogolo pa Chimbuuzi, akumwetulira, osanena kanthu. Ankadikira kuti aone maso ake akutuzuka.

Chimbuuzi anamuyang'ana m'maso mwenimweni. Anamwetulira mwaulemu.

"Takulandirani, mayi. Mwana wanu ali fomu yanji?"

Inki anaseka pang'ono, akuyesa nthabwala. Koma nkhope ya mnyamatayo sinasinthe. Anamupatsa khadi. "Yesani nanunso. Makolo ambiri amayesa litsiro la pakamera."

Ana anaseka. Aphunzitsi aakulu anaseka. Inki anayang'ana khadi limene anapatsidwalo. Akumukana? Pamaso pa abwana ake? Chifukwa chiyani, poti ndi wodula mapepala chabe?

Asanapeze chonena, anaona maso a Chimbuuzi akuwala, koma sankayang'ana iye. Mnyamatayo anazungulira tebulo, anamudutsa ngati mtengo, n'kupita kwa asisi amene ankabwera atavala jekete yachikasu. Anawagwira dzanja n'kuweramira kukhutu kwawo. Ankayesa akunong'ona, koma mphunzitsi sadziwa kunong'ona.

"Wafika, mtima wanga! Kuyambira m'mawa ndikungoganiza za milomo yako."

Phaa! Chikwama cha asisi chinatera pamutu pake.

"Iwe! Wamisala? Milomo ya ndani?"

Anthu onse m'holomo anatembenuka. Inki anagwetsa khadi lija n'kuthamangira panja, nsapato zatsopano zikumuluma.

M'basi asisi sanapume. "Ameneyo ndiye munthu wako? Diso la nkhwezule lenileni! Iwe uli pomwepo, iye akufunsira mkulu wako! Nanga ukakhala palibe amatani? Mufufute mufoni pompano!"

Inki ankangoyang'ana pawindo, misozi ikuchotsa zodzoladzola zonse za kusaluni. Foni inkangonjenjemera m'manja mwake.

"Kuwala kwanga, unali iwe wa diresi yobiriwira uja?"

"Chonde yankha. Sizili mmene ukuganizira."

"Ndilole ndikufotokozere pamaso."

Unali iwe? Funso lanji limenelo? Miyezi isanu akumupsompsona, lero akufunsa ngati anali iye? Anayankha kamodzi kokha: "Pitani mukakwatire milalang'amba yanu, bambo." Kenaka anazimitsa foni.

Masiku anayi sanapite kuntchito. Anauza abwana kuti mutu ukumupweteka, ndipo silinali bodza. Ankati akatsuka mbale, madzi akamazungulira m'sinki, mkwiyo unkamubwerera. Ngakhale shuga wotayikira patebulo ankamukwiyitsa. Munthu mmodzi kumuonongera khitchini yonse!

Tsiku lachisanu masana anapita kushopu kukauza abwana kuti ayambiranso Lolemba. Anapeza chitseko chotseka, onse atapita kukadya. Anakhala pabenchi ya makasitomala, atavala bulauzi wamba, tsitsi lowongola lija atalimanga kumbuyo. Anayatsa foni kuti aimbire abwana.

Atadzutsa maso, anaona Chimbuuzi akuwoloka msewu.

Athawe? Ayi, athawirenji, walakwa ndi iye? Anakhalabe pabenchipo, nsagwada zitalumana, akumuyang'ana mosaphethira.

Chimbuuzi anafika, ndevu zosameta, shati yosasita. Anagwedeza chitseko, anasuzumira pawindo, anapuma mozama. Kenaka anatembenukira kubenchi.

"Pepani, mayi. Mwakhalitsa pano? Simunamuoneko mtsikana amene amagwira ntchito muno? Woluka tsitsi... kapena ayi, pano analisintha. Zala zake zimakhala ndi inki."

Inki anamuyang'ana. Panalibe aphunzitsi aakulu pano, panalibe ana asukulu, panalibe woti amuchitire manyazi. Ndiye seweroli akuchitira ndani? Anapukusa mutu pang'onopang'ono, osatsegula pakamwa.

"Zikomo," anatero Chimbuuzi. Anakhala kumapeto kwa benchi yomweyo, n'kusiya mpata waulemu pakati pawo. Anatulutsa foni. "Tsiku lachisanu lero ndikubwera. Mwina lero ayankha."

Anaimba.

Foni inalira m'manja mwa Inki.

Chimbuuzi anayang'ana foniyo, anayang'ana zala zoyera zimene zinaigwira, kenaka nkhope.

"Ndiwe?"

"Ayi, ndine agogo ako!" Inki anaphulika. "Ndiwe? Ndiwe? Ukundifunsa ine? Wakhala nane pabenchi imodzi ngati tikudikira basi! Kodi ukudwala, kapena ukufuna ndipenge ndine?"

Atangomva mawuwo, mnyamatayo anatseka maso ngati munthu waludzu amene wamva madzi akuthiridwa m'kapu.

"Ndiwe," anatero. "Kalipa, chonde. Ukamalankhula ndimakudziwa."

"Usandipusitse!"

"Sindizindikira nkhope za anthu." Analankhula atayang'ana pansi. "Chibadwire. Maso anga ndi abwinobwino, ndimaona mphuno, ndimaona maso, ndimaona pakamwa. Koma ndikangotembenuka, zimabalalika. Nkhope siikhala m'mutu mwanga. Adokotala anati vutoli lilipo, anthu ena amabadwa nalo, ndipo mankhwala ake palibe."

"Bodza! Makadi makumi asanu ndi limodzi, onse chimbuuzi, umawatchula mayina usanaphethire. Nkhope yanga imodzi yokha ikukanike?"

"Makadi ndimawadziwa, magalimoto ndimawadziwa, kalembedwe ka ana onse a m'kalasi mwanga ndimakadziwa. Nkhope zokha. Komanso Nkhanu siipita kusaluni."

"Ukuseka?"

"Sindikuseka." Anapukuta m'maso ndi mkono wa shati. "Ndili kusukulu yogonera, amayi anabwera kudzandiona atavala duku latsopano. Ndinawadutsa pachipata, ndinawapatsa moni ngati mlendo. Analira njira yonse yobwerera, akuti mwana wawo akuchita nawo manyazi. M'kalasi mwanga mwana aliyense ali ndi mpando wake, sasintha, ndipo amayesa ndine wovuta. Iwe ndinkakudziwira malukidwe, inki, jekete ija, ndi mawu. Tsiku lija unabwera wopanda zonsezo, ndipo sunalankhule."

Inki anakumbukira mauthenga aja. Uvala chiyani lero, wokongola wanga? Iye kumavala jekete pa dzuwa, thukuta lili kamukamu, kumayesa chikondi! Anakumbukiranso kuti nthawi zonse ndi iye ankayamba kupereka moni. Mkwiyo wina, watsopano, unakwera pamwamba pa woyamba uja.

"Miyezi isanu! Unali ndi nthawi yondiuza za mitambo yonse ya kumwamba, koma izi ayi?"

"Ndinkaopa."

"Kuopa chiyani?"

"Ndinauzapo mtsikana wina kale. Anati munthu amene sakudziwa nkhope yako sangakukonde. Anapita."

"Ndiye unaona kuti kuli bwino undinamize? Ndinakufunsa, iwe! Ndinati ungandipeze pakati pa anthu chikwi? Unati miliyoni! Miliyoni, pomwe pabenchi ya anthu awiri wakanika!"

Chimbuuzi anaweramitsa mutu.

Mawu a Inki anatsika. Funso limene linkamuwawa kwenikweni linatuluka lokha. "Unkati ndine wokongola. Unkadziwa bwanji?"

"Ndikakuyang'ana ndimaona. Ngati pano, ndikuona, ndipo mtima ukundipweteka. Chimene sindingathe n'kupita nako kunyumba kukongolako. Ndimapita ndi zina." Anayamba kuwerenga ndi zala. "Ukafuna kukalipa umayamba wakoka mpweya ndi mphuno kawiri. Ukamayenda phazi lamanzere limakhudza pansi mwamphamvu kuposa linzake. Ukamawerenga mapepala umanyambita chala chapakati, osati cholozera. Ukaseka zenizeni sutulutsa mawu, umangogwedezeka mapewa. Kukanakhala kuti ndinakuona ukuyenda tsiku lija, sindikanakuphonya."

Inki anakoka mpweya ndi mphuno kawiri. Atazindikira zimene wachita, anatukwana chamumtima. Misozi inatsika yokha.

"Ndiwe chitsiru," anatero.

"Ndikudziwa."

"Chitsiru chachikulu. Sindikanakusiya chifukwa cha vuto lakolo. Bodza ndi limene landiwawa."

"Sindidzakunamizanso, mtima wanga. Ndikulonj..."

"Usalonjeze! Malonjezo ako ndawaona." Anaimirira n'kukonza bulauzi. "Ngati ukundifunadi, dzuka. Tikupita kwa asisi. Ukawauze ndi pakamwa pako zonse wandiuzazi, ndipo ukapepese za milomo yawo."

Chimbuuzi anagwira pamutu pamene chikwama chinatera. "Lero lomwe?"

"Pompano."

Asisi ankakhala m'nyumba yapakati pa mdadada wa nyumba zinayi za lendi. Tsikulo sanali pantchito. Awiriwo polowa pachipata anapeza amayi awiri pakhonde: mmodzi atakhala pampando akusenda mbatata m'beseni, wina ataima pachingwe akuanula zovala. Inki anaima kuti atseke chipata, chimene chinali ndi loko wovuta.

Chimbuuzi sanadikire. Mantha anamukankha. Anapita molunjika kwa mayi wa pampando uja, n'kugwada pasimenti, manja pachifuwa.

"Alamu, ndabwera kudzapepesa. Zimene ndinanena za milomo yanu sindimanena inu. Milomo yanu ilibe vuto, ndi yabwino ndithu, koma ine ndimaganiza za milomo ya mng'ono wanu..."

Mayiyo anasiya mpeni m'beseni. Anali wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi.

"Mwana iwe," anatero, "milomo yanga yatani?"

Inki anatseka maso. Anawerenga mpaka faifi. Kenaka anapita, anamugwira Chimbuuzi mapewa onse awiri akadali chogwada, n'kumutembenuza ngati akutembenuza makina.

"Awa ndi eni nyumba. Asisi ndi awo ali pachingwewo."

Asisi anali ataima ndi shiti m'manja, pakamwa pali yasa. Anayang'ana mnyamata wogwadayo, anayang'ana eni nyumba amene ankadzigwira milomo modabwa, anayang'ananso mng'ono wawo.

"Ndi mmene alili?" anafunsa.

"Ndi mmene alili, asisi. Sazindikira nkhope. Akufotokozerani yekha."

Unamwino unawabwerera asisi. Anayandikira, anamuyang'anitsitsa m'maso, anayendetsa chala uku ndi uku. "Zimenezi ndinaziwerengapo kusukulu, koma sindinkayesa kuti ndidzazimenya ndi chikwama." Kenaka kuseka kunawagwira. Anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde, shiti ili kumaso.

"Dzukani, alamu, mawondo angatupe. Koma iwe, wamuganizira bwino munthuyu? Pa ukwati adzaveka mphete wolandira alendo!"

"Ndidzaima pafupi," anatero Inki mokwiya. "Ndizidzalankhula osalekeza."

"Apo ndiye palibe vuto," anatero asisi. "Chibadwire sunakhalepo chete."

Chimbuuzi anadzuka, akusasa fumbi m'mawondo. Anatambasula dzanja mwamantha, ndipo Inki analiyang'ana kaye asanalilandire. Analifinya mwamphamvu kuposa mmene chikondi chimafunira.

"Tamvera," anamuuza chapansipansi. "Mawa tikupita kwa amayi ako. Ukawauzenso za pachipata paja, kuti sunkachita nawo manyazi."

"Papita zaka khumi ndi zisanu."

"Ndiye adikira mokwanira."

Eni nyumba anatolanso mpeni wawo, akupukusa mutu. "Ine sindinamvebe," anatero. "Milomo yanga yatani?"